Ulendo woona malo a mayi Winnie ku Soweto, ine ndakhutira nawo kupatula chinthu chimodzi

Amene muli kuno ku Joni koma Soweto mumangoyidutsa pa takisi, dziwani kuti kuli achinyamata a komweko amene ali ndi kakampani koyendetsa anthu pa minibasi kuwaonetsa malo okhudza moyo wa mayi Winnie Madikizela-Mandela. Ife tinapita Loweruka lina ndi azimayi anzanga a ku tchalitchi ndipo ndati ndilembe momwe zinayendera poti ambiri akundifunsa ngati ndalama yake siyongotaya.

Minibasi inabwera mochedwa ndithu ndipo madzi akumwa amene anatilonjeza pa WhatsApp paja munalibe, izi ndinawauza komweko. Koma gayidi wathu, mtsikana wamng'ono chabe, ndiye amaidziwa ntchito yake. Ma ulendo ambiri a ku Soweto amathamangira ku Vilakazi Street, msewu womwe kuli nyumba ya Mandela, kukajambulitsa basi, koma iye anatiimika kaye pafupi ndi renki ya matakisi ya ku Bara, tikuyang'ana chipatala cha Chris Hani Baragwanath (Bara mwachidule) tsidya la msewu, phokoso la mahutala lili m'makutu, amayi akugulitsa chimanga chootcha pambali. Sitinalowe ayi, muja ndi mwa odwala. Pamenepo ndi pamene anatifotokozera kuti mayiwa asanakhale mkazi wa Mandela anali kale munthu wa ntchito yake. Anabadwa mu 1936 ku Bizana ku Eastern Cape, makolo awo onse awiri anali aphunzitsi, ndipo mu 1953 anabwera ku Johannesburg kudzaphunzira pa Jan Hofmeyr School of Social Work. Atamaliza analembedwa ntchito pa Bara pomwepo, ndipo amatchulidwa kuti ndi munthu wakuda woyamba kugwira ntchito ya social welfare pa chipatalacho.

Apa ndi pamene ulendowu unandigwira mtima. Ife kwathu timaidziwa ntchito ya a social welfare, ndi aja amapita kukaona mwana wamasiye akugona pati, akudya chani, wodwala akatuluka m'chipatala abwerera kunyumba yotani. Ndiye tangoganizani mtsikana wa zaka za m'ma 20 akulowa nyumba ndi nyumba nthawi ya apartheid, mpaka anachita nawo kafukufuku wa imfa za makanda ku Alexandra, kuona ndi maso ake kuti anawo chikuwapha ndi umphawi ndi malamulo a azungu. Munthu wotere ndale sachita kuziphunzira kwa mwamuna. Ukwati ndi Mandela unali mu 1958 ndipo chaka chomwecho anamangidwa pa zionetsero za azimayi zokana mapasi, ziphaso zomwe anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo, ali ndi pakati.

Kenako tinapita ku Mandela House, nambala 8115 Orlando West. Kanyumba ka njerwa zofiira, kakang'ono kwambiri moti mukalowa anthu angapo mumachita kupatukirana, ndipo pakhoma zipsera za zipolopolo zikuonekabe. Anthu amaitcha nyumba ya Mandela inde, koma bambowo anakhala m'ndende zaka 27, amene ankamva apolisi akugogoda usiku ndi mayiwa ndi ana awo awiri, Zenani ndi Zindzi. Mu 1969 apolisi anawatenga mayiwa pamaso pa anawo ndipo anakhala m'ndende masiku 491, nthawi yambiri ali okha m'chitokosi. Tikiti yolowera m'nyumbayi imakhala kale mu ndalama ya ulendo ndiye sitinavutike pa geti. Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita ku Hector Pieterson Museum, si patali, ndipo anatikumbutsa kuti ana asukulu ataphedwa mu June 1976 mayiwa anali m'gulu loyambitsa Black Parents' Association lomwe linkathandiza mabanja ngakhale pa maliro.

Ku Brandfort ulendowu sufika, ndi kutali ku Free State kufupi ndi Bloemfontein, koma gayidi anali ndi zithunzi mu fayilo ya pulasitiki zomwe tinkapatsirana mu minibasi. Boma linawataya mayi Winnie kumeneko mu 1977, nyumba nambala 802, yopanda madzi yopanda magetsi, pakati pa anthu a chilankhulo china, cholinga chili choti aiwalike. Iwo anangoyambiranso ntchito yawo ija, malo olerera ana, kakiliniki, madimba a ndiwo, kusoka, kuphikira osowa chakudya. Nyumbayo inaotchedwa mu 1985 ndipo iwo anabwerera ku Soweto mosamvera chiletso. Tauniyi pano dzina lake ndi Winnie Mandela.

Chimene sichinandisangalatse ndi ichi. Nkhani ya Stompie Seipei gayidi anangoidumpha, mpaka mayi wina m'gulu lathu anachita kufunsa, ndiye anayankha mwachidule n'kusintha nkhani. Ayi, izi si zobisa. Stompie anali mwana wa zaka 14, anabedwa kumapeto kwa 1988 ndi anyamata a Mandela United Football Club amene ankalondera mayiwa, ndipo anapezeka ataphedwa mu Januwale 1989. Mu 1991 khothi linapeza mayi Winnie olakwa pa mlandu woba munthu, chilango cha ndende chinadzasinthidwa kukhala chindapusa atachita apilo, ndipo komiti ya Desmond Tutu ija ya TRC, yomwe inkafufuza nkhanza za nthawi ya apartheid, inanenanso kuti ali ndi mlandu pa nkhanza za gululo. Ine mayiwa ndimawalemekeza zedi ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuti munthu amene anaphunzira kuteteza ana dzina lake lili pa imfa ya mwana. Wolipira ndalama kuti amve mbiri ayenera kumva zonse, Stompie nayenso anali ndi mayi ake.

Za ndale za pambuyo pake anazifotokoza bwino, kuti anatsogolera ANC Women's League kuyambira 1993, anakhala wachiwiri kwa nduna ya zachikhalidwe ndi sayansi mu 1994 n'kuchotsedwa chaka chotsatira, banja linatha mu 1996, ndipo anamwalira pa 2 Epulo 2018, mwambo wa maliro unachitikira ku Orlando Stadium komwe tinadutsa pobwerera.

Nkhomaliro inali kota, buledi uja amamuboola n'kuikamo tchipisi, polone ndi atcha, tinakhuta heavy. Mukamabukitsa funsani ngati adutsa ku Bara chifukwa si onse amapitako, tengani madzi anu, nsapato zoyendera ndi ndalama zina za m'manja za pa Vilakazi poti ena ogulitsa mumsewu salandira khadi. Ndipo za Stompie zija mukafunse, musachite manyazi.