Ndemanga: jekete ya majinzi akale yomalizidwa pamanja

Ngati mukufuna kusoketsa chovala kuchokera ku zovala zakale, musayambe ndi kufunsa mtengo. Mufunseni telala kuti ndi malo ati amene adzadutsitse pamakina, nanga ndi malo ati amene adzagwire singano pamanja. Ndikunena izi nditavala jekete yotere nyengo yonse yozizira kuno ku Blantyre, chiperoni chonse chinandipeza ndili nayo, ndipo yachapidwa kangapo. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Zolakwika ili nazo ndipo ndizitchula, koma ndi chovala chimene ndimapita nacho kuntchito ndi kutchalitchi mopanda manyazi, ndipo chimene chaichititsa kukhala yotero ndi ntchito yamanja yakumapeto.

Anandisokera ndi mayi wina wachikulire amene amakhala ndi makina ake opalasa pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Nsalu ndinapita nazo ndekha: majinzi atatu ndi chitenje chakale choti chikhale mkati. Jinzi imodzi inali ya amuna anga, yong'ambika pakati pa miyendo koma kwina konse ili bwinobwino, enawo ndinagula pakaunjika. Mayiwa sanathamangire lumo. Jinzi iliyonse anaitambasula moyang'anitsa kudzuwa, n'kumaipapasa ndi zala, ndipo paliponse pamene kuwala kumadutsa amalembapo ndi choko. Pamaondo ndi kutsogolo kwa ntchafu panali patathetheka ngakhale maso samaona, pamene kumbuyo kwa miyendo, makamaka mmunsi mwa bondo, nsalu inali ikadali ndi mphamvu zake zonse. Msana ndi chifuwa cha jekete anadula kumeneko. Anandiuza kuti, "Achemwali, nsalu yatsopano ndi imodzimodzi paliponse. Yakale ili ndi pofooka ndi polimba, ndiye sungaisoke mwachimbulimbuli."

Chinanso chimene anasamala ndi kumene ulusi wa nsalu ukulowera. Zidutswa zonse anazidula motsata utali wa mwendo wa jinzi, ngakhale kuti kutero kunatayitsa nsalu ina imene ikanakwanira akanadula mopingasa. Ichi ndi chifukwa chake jeketeyi sinapotoke itachapidwa. Ndinaonapo zikwama ndi masiketi a majinzi akale amene amakhota mbali imodzi akangolowa m'madzi, ndipo vuto limakhala lomweli.

Za ntchito yamakina sindinena zambiri. Misoko italiitali ya m'mbali, ya pamapewa ndi ya m'mikono ndi yowongoka, yolimba, yosakhwinyata. Anagwiritsa ntchito singano yonenepa ya nambala 18 imene matelala amasokera jinzi, ndipo palibe pamene pamasuka.

Nkhani yagona pamene misoko imakumana. Msoko wa jinzi amaupinda kawiri, ndiye pamene iwiri yadutsana, kapena pamene mukupinda mpendero pamwamba pa msoko wotero, nsalu imasanjikizana kasanu ndi kamodzi kapena kuposa. Makina opalasa akafika pamenepo amalumpha, kapena singano imathyoka. Matelala ambiri amangokoka nsalu mwamphamvu kuti idutse, ndipo pamatsala kampata kopanda ulusi kamene kamadzayamba kutseguka pakatha mwezi. Mayiwa malo onse otere anayamba awamenya ndi kanyundo kuti aphwatalale, kenako n'kuwasoka pamanja ndi msoko wobwerera m'mbuyo, ulusi wake wowirikiza. M'khwapa, pamene jekete imakokeka kwambiri munthu akagwira chitsulo m'minibasi kapena akanyamula mwana, ndi pamene ndimayang'ana nthawi iliyonse ndikachapa. Sipanasunthe.

Mpendero wa mmunsi ndi umene ndimaukonda kuposa zonse, ngakhale palibe amene amauona. Chitenje cha mkati anachilumikiza ku jinzi ndi msoko wobisika, singano ikungotola ulusi umodzi kapena uwiri wa jinziyo, moti kunja simuona kadontho ngakhale kamodzi. Komanso sanachikoke kuti chithine. Anasiya kakhwinya kakang'ono mmunsi ndi kena pakati pa msana. Nditafunsa anati jinzi ndi chitenje sizifupika mofanana zikachapidwa, ndiye nsalu ya mkati ikapanda kupatsidwa mpata imakoka yakunja, jekete n'kumaoneka yotukumuka kumpendero. Kampata kameneka makina sangakasiye bwino. Pamafunika zala zomva kuti apa ndimasule pang'ono, apa ndigwire.

Mabowo a mabatani nawo ndi apamanja, ndipo apa ndiye ndinamvetsa chifukwa chake ntchitoyi imadya nthawi. Makina awo alibe msoko wokhotakhota wosokera mabowo. Akanatha kutumiza jeketeyo kwa mnzawo wa makina amagetsi, koma anakana, ati nsalu yakale ikabayidwa mothinana ndi makina imadukira pomwepo. Bowo lililonse analicheka ndi lezala, n'kugoneka ulusi wonenepa m'mphepete mwake, kenako n'kulizunguliza ndi msoko umene umasiya kamfundo pamlomo pa bowolo. Timfundo timeneti tandandalikana ngati mzere wa nyerere, ndipo ndi timene timakhulana ndi batani, osati nsalu. Ulusi amayamba audutsitsa pa phula la njuchi kuti usapotane ndiponso usathetheke msanga. Mabataniwo sanawamatirire ku nsalu. Lililonse analisiyira kakhosi kokulungidwa ndi ulusi kuti jinzi yonenepa ikwane pansi pake, ndipo kuseri anaikako kabatani kakang'ono kuti mphamvu isamagwere pa nsalu yokha. Mwa mabatani asanu ndi limodzi palibe lagwedera. Amene munagulapo malaya atsopano batani n'kuthothoka tsiku loyamba mukudziwa kuti iyi si nkhani yochepa.

Matumba akutsogolo a jekete ndi aja anali akumbuyo pa jinzi ya amuna anga, anangowamasula n'kuwasamutsa. Pamene panali thumba panatsala malo akuda bii, chifukwa utoto wa jinzi umangogwira kunja kwa ulusi ndipo umasuluka pamene pakukhulidwa ndi kuwombedwa dzuwa, pamene pobisika umakhala momwe unalili. Ine ndinkaganiza kuti malo amenewo atayidwa. Iwo anawaika kumapewa, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo anthu amafunsa ngati ndi mmene inabwerera kufakitale.

Panalinso nkhani ya tizitsulo tija timakhala m'makona a matumba a jinzi. Timeneti si tokongoletsa chabe. Telala wina wa ku Nevada, Jacob Davis, ndiye anayamba kukhomera tizitsulo pamalo okokeka a mathalauza a anthu ogwira ntchito zolemetsa, ndipo mu 1873 iye ndi Levi Strauss analembetsa luso limeneli kuboma la America. Koma kwa telala amene akuphwasula jinzi, tizitsuloti ndi mdani wa singano ndi lumo. Mayiwa anatizula ndi pulayasi pazidutswa zimene zinali nato, n'kutseka timabowo totsalapo ndi ulusi. M'makona a matumba atsopano, pamene pakanafunika kachitsulo, anamangapo kamsoko kakafupi kowirikiza kambirimbiri, kokulungidwa mopingasa. Ndimaika manja m'matumba amenewa tsiku lililonse m'mawa kukazizira, makiyi ndi ndalama zachitsulo zimakhala momwemo, ndipo makona ake sanang'ambike.

Pazigongono ndi pamene jeketeyi imakopa maso. Nsalu ya mikono inali yofookerapo, ndiye anaika chigamba mkati, n'kusoka mizere yambiri ya ulusi woyera, singano ikungolowa ndi kutuluka, kuti nsalu ziwirizo zikhale chinthu chimodzi. Amene amatsata zosokasoka pa intaneti aziona kuti zikufanana ndi sashiko ya ku Japan, kasokedwe kamene mabanja a alimi ndi asodzi ankalimbitsira zovala zawo zabuluu ndi ulusi woyera m'nthawi ya Edo, pakati pa 1603 ndi 1868. Mayiwa sanatengere kumeneko. Anati umu ndi mmene mayi awo ankagambira makabudula a sukulu, kungoti kale ankasankha ulusi wofanana ndi nsalu kuti chigamba chisaoneke, pamene masiku ano atsikana amachita kupempha kuti chioneke. Ine ndinasankha kuti chioneke, ndipo ndimasangalala kuti mizereyo si yofanana ndendende. Pena yatalikirana pang'ono, pena yayandikana, molingana ndi pamene nsalu inafooka kwambiri. Ubwino winanso ndi wakuti ulusi ukaduka pamzere umodzi, mizere inayo imagwirabe, ndipo munthu wamba angathe kukonza yekha madzulo amodzi.

Kolala anaipanga ndi lamba wa m'chiuno mwa jinzi, n'kuisoka pamanja kuseri ndi timisoko topendekeka kuti izipindika yokha. Imagona bwino pakhosi popanda kusita.

Tsopano zodandaula. Choyamba ndi nthawi. Anandilonjeza kumapeto kwa mwezi, koma ndinailandira mwezi wotsatira uli mkati, chifukwa sukulu zinali pafupi kutsegulidwa ndipo mayunifolomu anadzaza pakhonde. Ndikumvetsa kuti mayunifolomu ndiwo amabweretsa ndalama yamsanga, komabe akanandiuza poyamba kusiyana n'kuti ndizikwera minibasi kukamva kuti mawa. Ngati chovala chanu ndi cha ukwati kapena chinkhoswe, perekani nthawi yochuluka, ndipo pewani masabata oyandikira kutsegulira kwa teremu.

Chachiwiri ndi jinzi yotanuka. Imodzi mwa za pakaunjika inali ya mtundu uja wokhala ndi timaulusi ta mphira, ndipo chidutswa chake chinalowa pa kathumba ka pachifuwa ndi kumapeto kwa mikono. Itachapidwa, malo amenewa anayamba kuchita mafundemafunde, chifukwa mphira wa m'jinzi yakale amakhala atatopa kale ndipo sabwerera. Munthu amene anaona kufooka kwa nsalu poiyang'anitsa kudzuwa anayenera kuona izinso. Nditabwerera nayo sanakangane nane. Anati, "Pepani achemwali, pamenepa ndinaphonya," ndipo anamasula kathumbako n'kuikapo ka nsalu ina osandilipiritsa. Kumikono anangolimbitsa ndi kansalu mkati, ndiye mafundewo akuonekabe pang'ono. Nyenyezi yachisanu yachokera pamenepa.

Chachitatu ndi chaching'ono. Thumba lamkati ndi lalifupi, foni imasuzumira kunja. Mukamayesa chovala tengani foni yanu muiikemo. Panalinso mfundo ziwiri za ulusi kuseri kwa kolala zimene zinkandikanda pakhosi, koma anazibisa mkati mwa nsalu tsiku lomwe ankakonza kathumba.

Dziwaninso kuti jekete yotere ndi yolemera, ndipo nthawi ya chiperoni imachedwa kuuma, makamaka pamene misoko yasanjikizana. Ili si vuto la telala, ndi mmene jinzi ilili. Ine ndimaichapa pamanja ndi madzi ozizira, nditaitembenuza, osaikhula ndi bulashi pamizere yoyera ija, ndipo ndimaiyanika pamthunzi popita mphepo. Chitenje changa chinali chitachapidwa kwa zaka, ndiye sichinachuche. Ngati mukuika chatsopano, yambani mwachichapa kangapo chisanapite kwa telala, apo ayi chidzadetsa ulusi woyerawo.

Pa mtengo, anandiuza mosabisa kuti pafupifupi theka la ndalamayo ndi la ntchito yamanja, ndipo anandipatsa mwayi wosankha kuti angomaliza zonse pamakina motsika mtengo. Zonse pamodzi, kuphatikizapo majinzi amene ndinagula, zinaposa mtengo wa jekete yabwino ya pakaunjika, ngakhale kuti kaunjika nayenso anakwera kuchokera pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye amene akungofuna chofunda chotchipa, iyi si njira yake. Koma ya pakaunjika inasokedwera thupi la munthu wina, pamene iyi anandiyesa kawiri isanamalizidwe, mapewa ndi mikono zili pamlingo wanga. Sindinanenerere pa gawo la ntchito yamanjalo, ndipo ndikupempha anzanga kuti tisamatero. Ndinaona ndi maso anga mayiwa atavala magalasi, kachitsulo koteteza chala kali kuchala chapakati, akutha nthawi yaitali pa bowo limodzi la batani.

Amene mukufuna kuyesa, pitani ndi majinzi osatanuka, onenepa mofanana, ochapa kale, ndipo akhale ochulukirapo kuposa mmene mukuganizira chifukwa malo ofooka adzatayidwa. Pemphani kuona chovala chimene telalayo anamalizapo kale, muchitembenuze, muyang'ane kumpendero, m'khwapa ndi kuseri kwa mabatani. Ine ndawasiyira kale zotsala za majinzi aja ndi malaya awiri akale kuti andisokere siketi, ndipo ulendo uno tagwirizana tsiku lenileni, analilemba m'kabuku kawo ine ndikuona.