Nduna za ku Northern Ireland: chipani chimodzi kapena kugawana mipando?

Northern Ireland, chigawo cha dziko la United Kingdom, yayesapo njira ziwiri zikuluzikulu zosankhira nduna za boma lake la chigawo. Kuyambira 1921 mpaka 1972, nduna yaikulu inkadzisankhira yokha nduna, ndipo nduna zazikulu zonse 6, kuyambira James Craig, zinali za Ulster Unionist Party, chipani chomwe otsatira ake ambiri adali Apulotesitanti. Pangano la mtendere la 1998 lidabweretsa njira ina: zipani zimatenga maunduna mosinthana, malinga ndi mipando imene zapeza m'nyumba ya malamulo, potsatira masamu ogawira maudindo otchedwa d'Hondt.

Kuphweka: njira yakale njofulumira, nduna zimalankhula chimodzi. Yatsopano imakhazika pamodzi anthu osamwerana madzi.

Kukhalitsa: yakale idayenda zaka zoposa 50, koma Akatolika adali kunja. Mkatolika woyamba adakhala nduna mu 1971, mochedwa, ndipo mu 1972 boma la United Kingdom lidaimitsa boma la chigawolo ziwawa zitakula. Yatsopano imaduka kawirikawiri, chifukwa nduna yaikulu ndi wachiwiri wake ali ndi mphamvu zofanana; mmodzi akatula pansi udindo, mnzakeyo amachokanso. Boma lidaima motero kuyambira 2017 mpaka 2020, komanso 2022 mpaka 2024.

Njira yakale imayenera chigawo chomwe zipani zimatha kusinthana ulamuliro pachisankho. Kumene anthu amavota potengera mtundu kapena chipembedzo, kugawana mipando kuli bwinoko, ngakhale kumachedwetsa ntchito.