Buku Loyera kapena Buku Lopatulika: Baibulo liti likuyenera wolalika wa ku Angónia?

Mabaibulo a Chichewa amene timawapeza ku Ulongwe, ku Tsangano ndi ku Macanga ambiri amalowa kudzera pa chipata cha malire cha Calómuè kuchokera ku Dedza, ndipo nthawi zambiri wogula amasankha pakati pa awiri. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito yomasulira ikutsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Buku Loyera linatuluka mu 1998, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi. Kwa wowerenga pamaso pa mpingo, Buku Loyera ndilo loyenera kugula, koma lakale musalitaye.

Vuto lalikulu la lakale kuno kwathu ndi kalembedwe. Makope akale amalemba "c" pamene ife timalemba "ch". Mwana amene anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi akaona "cakudya" amati "kakudya", akaona "cisomo" amati "sisomo", ndipo mpingo umamva phokoso chabe. Tsegulani buku musanalipire muone ngati ndi kope lokonzedwa kalembedwe. Buku Loyera lili ndi chilembo "ŵ", koma wochiwerenga ngati "w" wamba amamveka bwinobwino.

Nkhani yokoma ili pa dzina la Mulungu. Pamene Chiheberi chili ndi zilembo zinayi YHWH, lakale limati Yehova, latsopano limati Chauta. Salimo 23 likayamba ndi "Chauta ndiye mbusa wanga", agogo amamva dzina limene makolo ankaitana popempha mvula, dzina la mwini uta wa kumwamba. Mukafika pa Genesis 9, pamene utawaleza ukhala chizindikiro cha pangano, dzinalo ndi nkhaniyo zimagwirizana mokhudza mtima. Koma pali ngozi. Chauta wa ku kachisi wa mvula wa ku Msinja ankafikiridwa kudzera mwa Makewana, mayi wotsogolera kachisiyo, ndi mizimu ya makolo, ndipo wolalika akapanda kufotokoza Eksodo 3:14-15, womvera amangothira nkhani ya Mose m'mtsuko wakale. Apa pakufunika mphunzitsi, osati kusintha buku.

Mawu akuti "chisomo" nawonso ndi ofunika kuwaona. Buku Lopatulika ndilo linawazika m'chilankhulo cha mpingo, mpaka lero ana, magolosale ndi makwaya akutchedwa Chisomo. Pakamwa pa anthu wamba mawuwa amapendekera ku mwayi, monga munthu amene zinthu zimangomuyendera. N'chifukwa chake Buku Loyera kawirikawiri limanena za kukoma mtima kwa Mulungu. Pa Aefeso 2:8 limeneli ndi tanthauzo la Paulo ndithu, pakuti akunena za mphatso imene munthu sanaigwirire ntchito. Chotayika ndi chakuti mawu amodzi asanduka mawu angapo, ndiye wofufuza "charis", liwu la Chigiriki la chisomo, m'makalata onse a Paulo amasochera. Pa ntchito yotere lakale limathandiza koposa, popeza limatsata Chigiriki pafupifupi liwu ndi liwu, ngakhale ziganizo zake zimalemera m'kamwa.

Amene akukonza ulaliki aike mabuku atatu patebulo: awiriwa ndi Baibulo la Chipwitikizi la Almeida. Yesani pa Yoweli 2:32 ndi Aroma 10:13. M'Chichewa mupeza Chauta kapena Yehova kwa Yoweli, Ambuye kwa Paulo, ndipo ulusi wolumikiza mavesiwa suoneka. Almeida ali ndi "Senhor" ponse pawiri, ndiye mumaona msanga kuti Paulo akupereka kwa Yesu mawu amene mneneri ananena za Mulungu wa Israele.

Pogula Buku Loyera funsani kuti ndi la mtundu uti. Lina lili ndi mabuku 66, lina lili ndi mabuku owonjezera monga Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo. Mkatekisiti wa ku Lifidzi akagula la mabuku 66, tsiku lina mawerengo a pa Misa sadzawapezamo.