Makina a MIG a ma amp 160: miyezi isanu ndikuzigika nawo pikapu yanga

Pikapu yanga yakale inadyedwa ndi dzimbiri pansi popondera dalaivala, moti ndikanyamula kapeti ndinkaona nthaka. Poyamba ndinayesa kutseka bowolo ndi makina a marodi amene ndimawotcherera nawo mageti, koma lata la bodi ya galimoto ndi lopyapyala, nthawi zambiri siliposa milimita imodzi. Rodi ikangokhudza, bowo limangokula. Ndiye ndinagula makina aang'ono a MIG, owotcherera ndi waya wodzitulukira wokha m'malo mwa rodi, a mtundu wa inverter, olembedwa kuti amafika ma amp 160, otha kugwira ndi gasi wotchinjiriza msoko ku mpweya komanso popanda gasi. Tsopano patha miyezi isanu ndili nawo.

Nambala ya 160 imene anailemba mokulitsa pa katoniyo sinandithandize chilichonse. Pa bodi ya galimoto chofunika ndi chakuti makina azitha kutsika moto osazima. Awa amatsika mpaka cha m'ma amp 30 ndipo moto wake umakhalabe wokhazikika. Ali ndi timabatani tiwiri topotokola, kena ka voteji, kena ka liwiro la waya, ndipo tonse timayenda pang'onopang'ono osati modumpha masitepe. Ichi ndiye chinandikondweretsa koposa, chifukwa pa lata lopyapyala kapotokoledwe kakang'ono ndi kamene kamasiyanitsa msoko wabwino ndi bowo.

Koma momwe anabwerera m'katoni sanali okonzekera galimoto ayi. Anaikamo waya wa flux core wa 0.8 mm, wosafuna gasi uja. Ndinauyesa pa kachidutswa ka chitseko chakale: utsi tolotolo, tizitsulo tothethekera paliponse, ndipo moto wake unali waukali kwa lata lotere. Wayayu ndi wabwino panja pamene pali mphepo komanso pa zitsulo zochindikala, koma pa bodi ndinamusiya. Ndinagula waya wamba wa ER70S-6 wa 0.6 mm ndi silinda ya gasi wosakaniza argon ndi CO2. Gasi wa CO2 yekha nayenso amagwira, kungoti amathethetsa kwambiri ndiponso amalowetsa moto mwakuya, zimene lata silifuna.

Apa mpamene kabuku ka malangizo kanandikhumudwitsa. Mukasintha waya mumayeneranso kusintha mawaya a magetsi m'kati mwa kachitseko ka m'mbali. Waya wa gasi umafuna kuti mfuti (chogwirira chotulutsa waya) ikhale ku pulasi, ethi (chingwe chopana pa chitsulo chimene mukuwotcherera) ku mainasi. Wa flux core wopanda gasi umafuna mosemphanitsa. Kabukuko kanangoika kachithunzi kosaoneka bwino popanda mawu ofotokoza. Ndinatha madzulo athunthu moto ukulavula, msoko ukungounjikana pamwamba osalowa m'chitsulo, mpaka nditatsegula kachitsekoko n'kuona zizindikiro ziwiri za pulasi ndi mainasi. Nditangosinthanitsa, makina anasanduka ena.

Palinso tinthu tina toyenera kugwirizana ndi waya. Kawilo kokoka waya kali ndi mizere iwiri, wa 0.6 ndi wa 0.8, ndipo kamatembenuzidwa. Kansonga kamkuwa ka kumapeto kwa mfuti nako kamayenera kukhala ka 0.6; m'katoni munalibe, ndinachita kugula padera. Chopanikizira waya musachimange kwambiri. Ine ndimamanga mpaka waya asiye kuterereka, kenako ndimaloza mfuti pa thabwa n'kukoka kabatani kake: waya akapindika n'kumatulukabe ndiye kuti zakwana. Gasi ndimatsegula malita 10 pa mphindi, ndipo ndimatseka chitseko cha galaja, chifukwa kamphepo pang'ono kamauluza gasiyo ndipo msoko umatuluka uli timabowo ngati chisa cha mavu. Waya ndimasiya atatuluka pafupifupi mamilimita 10 kuchokera ku kansonga. Zikakhala bwino khutu limakuuzani, phokoso lake limakhala losadukiza, lofanana, ngati mvula yowaza pa denga la malata. Mfuti ikamakankhidwira m'mbuyo ndiye kuti waya wathamanga. Waya akamasungunukira m'kansonga ndiye kuti wachedwa.

Chopanira ethi chimene anaikamo ndi chachabechabe. Ndi lata lopyapyala lokhala ndi sipuling'i yofooka, ndipo chinayamba kutentha sabata yoyamba. Ndinachichotsa n'kuikapo chamkuwa cholimba. Chingwe cha mfuti nacho ndi chachifupi, mamita awiri okha, choncho ndikamagwira pansi pa galimoto ndimakoka makina onse kuwayandikiza. Chingwecho chikapindika kwambiri waya wa 0.6 amakodwa m'kati, ndiye ndimayesetsa kuti chigone chowongoka.

Pa galimoto penipeni, ndisanayatse ndimachotsa batire, kuyambira ku mainasi. Ethi ndimapana pafupi ndi powotcherera, pa chitsulo chimene ndapala ndi gulayinda mpaka kuwala, kuti magetsi asayende ulendo wautali kudzera m'mabering'i kapena m'mawaya a kompyuta ya injini. MIG sagwirizana ndi dzimbiri, penti kapena mafuta; ndinadula dzimbiri lonse mpaka kupeza chitsulo chamoyo, ndipo bowo limene linkaoneka ngati chikhatho linatha lili lalikulu kawiri. Ndinachotsa mpando ndi kapeti, n'kupala phula la kunsi kwa bodi, chifukwa limayaka mbali imene maso anu sakuona. Musanakoke mfuti suzumirani kumene kwadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, ndipo chozimira moto chikhale poti dzanja lifika. Chinthu china chimene sindichitenga mopepuka: musatsukire chitsulo ndi mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine, chifukwa akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosgene. Lata lokutidwa ndi zinki nalonso utsi wake umadwalitsa.

Chigamba sindinachiwotcherere ndi msoko umodzi wautali. Ndinaika kadontho pakona iliyonse, kenako kadontho apa, kena kutsidya, kudikira kuti pazizire, mpaka timadonthoto tinakumana. Zimatenga nthawi, koma lata silipindika. Pamene panali kampata ndinagwiriziza kachidutswa ka mkuwa kumbuyo, poti chitsulo chosungunuka sichimatirira pa mkuwa. Makinawa amayatsa moto msanga mukangokoka, ndipo pa ntchito ya timadontho zimenezi n'zofunika kuposa china chilichonse. Sanandizimirepo chifukwa cha kutentha pa lata. Anazima kamodzi kokha, tsiku limene ndinkawotcherera chitsulo cha mamilimita 5 cha benchi pa moto wokwera; kanyali kachikasu kanayaka, ndinadikira kuti fani iwaziziritse.

Kwa munthu wofuna kuzigika pansi pa galimoto, m'munsi mwa zitseko kapena ekizozi, makinawa ndingamuuze kuti agule, bola awerengeretu kuti adzafunikanso silinda ya gasi, regulator yoyendetsera katulukidwe ka gasiyo, waya wa 0.6, tinsonga take ndi chopanira ethi chabwino. Chasisi ndi pomangirira masipuling'i sindinawakhudze nawo, ndipo dzimbiri likadzafika kumeneko ndidzapita kwa mmisiri wodziwa. Pansi pa dalaivala pano ndi polimba, ndinapaka pulaimala ndi phula latsopano, ndipo sabata yamawa ndiyamba mbali ya pasenjala.