Mahedifoni omvera m'fupa aja: nzeru ilipo, koma kachingwe ndi ogulitsa andikhumudwitsa

Ndalowa muno kudzalemba ndemanga ndi mtima woti ndipereke nyenyezi imodzi basi, ndipo ikanakhalapo theka ndikanapereka thekalo. Ndikunena mahedifoni aja osalowa m'khutu aja, amene amakhala patsogolo pa khutu chapafupi ndi tsaya nkuzungulira kumbuyo kwa mutu, amene adivati yake yakhala ikutitsatira pa Facebook ndi pa TikTok paliponse. Mtengo wake mukuudziwa kale, si ndalama yoti munthu ungotaya nkuiwala, nde mundimvetse ndikamalemba chonchi.

Adivati ija nonse munaiona. Mtsikana akuthamanga mvula ikugwa, kenako akudumphira m'dziwe losambira mahedifoni ali kumutu, nyimbo osaduka ngakhale pang'ono. Ine ndisanalipire ndinafunsa kaye pa meseji kuti kodi awa ndingasambe nawo kapena kusambira nawo, yankho linabwera pompo, "Eya bwana, awa ndi a m'madzi, musadandaule." Skrinishoti ndinasunga. Katundu kufika, pa bokosi alemba IP55. Kwa amene simuzitsata, nambala yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ndi ya madzi, ndipo 5 ya madzi imatanthauza kuti chinthucho chipirira thukuta, mvula, madzi othira kapena opopera, basi. Zomiza zimayambira pa 7, imene ndi mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo zosambira nazo zenizeni zimakhala pa 8. Chinanso Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz ndipo m'madzi sidutsa, mutu ukangomira nyimbo yathera pomwepo, nchifukwa chake a anthu osambira amakhala ndi memore yawoyawo yoikamo nyimbo osadalira foni. Awa memore alibe. Ndiye mtsikana uja anavala chani? Komabe izi ndinangozisiya, ine ndinagulira kuthamanga m'mawa, kusambira kunali kongofunsa.

Chimene chandiphulitsa ndi kachingwe ka chaja. Si USB-C ija ya mafoni ambiri ayi, ndi kawokawo ka maginito, kali ndi timapini tiwiri timene timamatirira pa tizitsulo tiwiri ta pa hedifoni. Tsiku loyamba umachita kukayamikira, ungokayandikizitsa kamadzikoka kokha, thapu. Koma tizitsulo timeneti tili pamalo pomwe thukuta limatsikira kuchoka kumutu. Patangotha miyezi yochepa tinayamba kuda, kenako kubiriwira m'mbali, kutchaja kunayamba kuvuta, ukalumikiza kanyali kayaka, ukachotsa dzanja kazima, mpaka ndinkachita kumanga ndi labala kuti kagwire usiku wonse, m'mawa nkupeza batire ili pomwe inali. Pini imodzi ya pa chingwe inalowa mkati osabwereranso. Ndinalembera ogulitsa mwaulemu wonse, risiti, nambala ya oda, zithunzi, zonse. Anati tumizani vidiyo, ndinatumiza. Kunayankha munthu wina, nayenso nambala ya oda, nayenso vidiyo, ngati nkhani ikuyamba kumene. Kenako kunabwera yankho limene mpaka pano likundiwawa: "Pepani bwana, zikuoneka kuti mwawanyowetsa, waranti sikhudza zoonongeka ndi madzi." Abale inu! Anthu omwewo, nambala yomweyo imene inandiuza kuti awa ndi a m'madzi musadandaule, lero akuti ndawanyowetsa. Ndi thukuta! Mahedifoni a masewero olimbitsa thupi, munthu athamange osatuluka thukuta? Ndinawatumizira skrinishoti yawo yomwe ija, meseji anaiwerenga, zii, osayankha. Nditaimba foni anandiyankha mayi wina amene anali ndi changu chofuna kudula, ndikufotokoza iye akundidula pakamwa, akuti chingwe sichili pa waranti, mugule china. Ndinati chabwino ndigula, chili kuti? Akuti chinatha, sakudziwa kuti chibwera liti. Ndinati nanga ndipange bwanji poti chingwe china chilichonse sichilowa? Ndi pamene anandiuza kuti "mukanawerenga bokosi musanagule." Bokosi ndikanaliwerenga bwanji lisanafike pakhomo? Mawu amenewo ndi amene andilembetsa ndemanga iyi. Kuonongeka kwa katundu kumachitika, palibe amakana, koma kumuyankha kasitomala ngati wabwera kudzapempha, zimenezo ayi.

Ndipo nkhani ya zingwe zachilendozi inayenera kutha kalekale. Ku European Union lamulo linayamba kugwira ntchito pa 28 December 2024 loti mafoni, matabuleti, makamera, mahedifoni ndi masipika otchaja ndi chingwe azikhala ndi USB-C, malaputopu kuyambira April 2026. Ngakhale Apple imene inakakamira chingwe chakechake cha Lightning kuyambira 2012 inasintha pa iPhone 15 mu 2023. Ndikudziwa chifukwa chimene opanga amakondera maginito, akuti pasakhale bowo lolowera madzi, ndipo ganizolo si loipa. Koma mafoni angati ali ndi IP68 ali ndi bowo la USB-C lomwelo? Ngati mwasankha kachingwe kanukanu, ikanimo tiwiri m'bokosi, kapena onetsetsani kuti kakupezeka. Chinthu chonse chabwinobwino chisanduke chotaya chifukwa cha pini imodzi, kumeneko ndi kuononga.

Tsopano apa ndinene chilungamo, chifukwa pamene ndikulemba mtima ukutsika. Munthu wina wogwiritsa ntchito ngati ine, osati ogulitsa, analemba kuti tizitsulo tija uzitipukuta ndi kathonje konyowetsa ndi spirit, nkusiya tiume. Ndinapukuta, kubiriwira kunachoka, pini ija ndinaitokosa ndi singano mpaka inatulukako pang'ono, ndipo pano akutchaja, mwamwayi mwamwayi koma akutchaja. Ndiye tsiku lina achimwene anga anandipeza nditavala, nkundifunsa kuti iwe zimenezi ukumvera pati poti makutu ali pamtunda. Iwowa khutu lakumanzere linawavuta kuyambira ali mwana, linkatuluka mafinya, kachikopa ka mkati kanabooka, moti ukamalankhula nawo amatembenuza mutu kuti akumvere kumanja, ndipo mahedifoni wamba amavala mbali imodzi yokha. Ndinawaveka, ndinaika nyimbo. Anangoti duu, kenako anakweza dzanja nkugwira mbali yakumanzere, anachotsa, anabwezeranso, nkunena kuti "iwe, kunonso ikumveka." Anandiuza ndibwereze nyimbo yomweyo, akuti gitala akuimva kumanzere ng'oma kumanja, zinthu zimene ife timangoziona ngati zachizolowezi. Sanafune kuvula mpaka batire inalira.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Phokoso nthawi zambiri limalowa pabowo la khutu, kugwedeza kachikopa kaja, kudutsa pa timafupa titatu tating'ono, nkukafika pa kachiwalo kooneka ngati nkhono kamene madokotala amati cochlea. Mahedifoni awa njira yonseyo amailambalala, amangonjenjemeretsa fupa la m'mbali mwa mutu, kunjenjemerako nkukafika pa cochlea mwachindunji. Ndi njira yomweyo imene timamvera mawu athu omwe tikamalankhula, nchifukwa chake ukadzimvera pa voice note umadabwa kuti mawu angawa ndi amenewa. Madokotala anayamba kale kuigwiritsa ntchito, zothandizira kumva zomangirira pa fupa la chigaza zinayambira ku Gothenburg, Sweden mu 1977. Koma chonde musandimve molakwa, awa si mankhwala ndipo si zothandizira kumva za kuchipatala. Achimwene zinawagwirira chifukwa vuto lawo lili panjira, mkatikati muli bwino. Ngati vuto lili pa cochlea penipeni kapena pa mtsempha, sizithandiza, kaonaneni ndi dokotala wa makutu. Ife tagwirizana kuti apite akayezetsenso, chifukwa anali atasiya kuganiza kuti khutu limenelo lingamvenso kanthu.

Zina zonse mwachidule. Pamsewu ndi abwino kwambiri, galimoto kapena njinga ikamabwera kumbuyo umaimva, munthu akakupatsa moni umayankha osavula kanthu, ndipo m'makutu simutentha kapena kuyabwa ngati tija tolowetsa mkati. Ndi opepuka, umaiwala kuti wavala, kachitsulo ka kumbuyo ukakapinda kamabwerera, ngakhale kugona chagada nawo sikutheka, kamakankha. Ndi magalasi amalimbirana malo pamwamba pa khutu koma umazolowera. Besi ndi yochepa, amene mumakonda nyimbo zogunda pamtima musagule awa, koma wailesi, nkhani ndi kuimba foni mawu amamveka mbee. Voliyumu ukakweza kwambiri amayamba kugirigisha pa tsaya ndipo amene wakhala pafupi nawe amamva zonse, muofesi kapena muchipinda chabata mudzachita manyazi. Pamalo aphokoso nyimbo imamira, nde umafuna kukweza, ndipo apa samalani, khutu kukhala lotsegula sikutanthauza kuti silingaonongeke, phokoso likukafika pa cochlea pomwepo. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata. Kanthu kena kodabwitsa, ukatseka makutu ndi zala nyimbo imakula ndipo besi imabwerako, yesani mudzaona.

Ndiye ndakweza kufika pa nyenyezi zitatu, zonse zitatu ndi za amene anaganiza kamangidwe kameneka, ogulitsa palibe yawo ngakhale imodzi. Amene mukufuna kugula onani nambala ya IP musanalipire, musakhulupirire vidiyo, funsani ngati chingwe chapadera chilipo ndipo muchigule tsiku lomwelo, kapena sakani a USB-C poti alipo, ndipo mukachoka kothamanga pukutani tizitsulo tija musanatchaje. Achimwene ndiwagulira awoawo koma kwina. Inu ogulitsa ngati mukuwerenga, nambala ya oda yanga muli nayo, vidiyo muli nayo, skrinishoti yanu muli nayo, chotsani adivati ya m'dziwe ija ndipo munditumizire chingwe.