WeeWX ndi loga ya pa netiweki: zomwe ndaona pa famu ku Thyolo

Ndimayang'anira mthirira pa famu ina ya makademiya ku Thyolo, ndipo mwa ntchito zonse zomwe anandisenzetsa, yomwe inkandiwawa kwambiri inali yolemba za mvula. Makina oyezera nyengo tinali nawo kale, Davis Vantage Pro2, ogula kwa munthu wina yemwe ankatseka famu yake. Zoyezera zili pamwamba pa mtengo wachitsulo pakati pa munda, ndipo zimatumiza manambala pa wailesi ku kabokosi kokhala ndi sikirini komwe timati konso. Konsoyo inakana kugwira siginolo mu ofesi chifukwa cha makoma ndi malata, choncho tinaiika m'nyumba ya pampu, mtunda wa mamita ngati 60 kuchokera pomwe ndimakhala. M'mawa uliwonse ndinkanyamula kope ndi bolopeni, n'kukakopera manambala nditaimirira pakati pa migolo ya dizilo. Tsiku lomwe ndadwala kapena ndapita ku maliro, m'kope munkatsala mpata.

M'katoni momwe munabwera makinawo munalinso kanthu kakang'ono komwe poyamba sindinakasamale: loga ya WeatherLinkIP. Mbali ina mumailowetsa kumbuyo kwa konso, mbali ina ili ndi polowetsa waya wa netiweki. Ntchito yake ndi iwiri, kusunga manambala ndi kuwapereka kwa kompyuta iliyonse yomwe yawafunsa kudzera pa netiweki. Waya wa netiwekiwu, wotchedwa Ethernet, umatha kuyenda mpaka mamita 100 popanda vuto, ndiye tinakumba kangalande, n'kulowetsa wayayo m'paipi yapulasitiki, n'kukafika naye pa rauta ya mu ofesi, kabokosi kolumikiza zipangizo zonse za pa netiweki.

Chomwe chinatsala ndi pulogalamu yoti izilankhula ndi logayo. Ndinasankha WeeWX. Ndi yaulere, ndipo malamulo ake onse ali poyera moti aliyense angathe kuwawerenga ndi kuwasintha. Anaiyamba ndi Tom Keffer wa ku Oregon m'dziko la America m'nyengo yozizira ya 2008 mpaka 2009, m'chiyankhulo cha makompyuta cha Python, ndipo makina omwe iyeyo ankafuna kuyendetsa anali Vantage Pro2 yomweyi. Zimenezi zimaoneka. WeeWX lero imagwira ndi makina a makampani ambiri, koma pa Davis imakhala ngati ili kwawo.

Ndinaiika pa Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja. Kuiuza kuti konso ili pa netiweki osati pa waya wa USB ndi nkhani ya mizere itatu mu fayilo ya weewx.conf, pansi pa mutu wa Vantage: pa type mumalemba ethernet, pa host mumalemba adilesi ya IP ya loga (nambala yomwe imadziwika nayo pa netiweki), pa tcp_port mumasiya 22222 momwe ilili. Nditaiyambitsa ndinatsegula malo omwe imalembamo zomwe ikuchita, ndipo ndinaona ikudzutsa konso, kenako manambala anayamba kubwera pa masekondi awiri aliwonse. Ndinaitana mlonda kuti adzaone liwiro la mphepo likusintha pa foni yanga kwinaku masamba a bulugamu akugwedezeka panja. Iye anangoti, "Ndiye kope lija mwalitaya, bwana?"

Koma chomwe chandichititsa kulemba zonsezi si manambala othamanga pa sikirini ayi. Ndi zomwe zimachitika magetsi akathima.

Loga ya Davis imasunga malekodi 2560. Ine ndinaichera kuti izilemba pa mphindi 5 zilizonse, kutanthauza kuti imasunga za masiku pafupifupi 9 isanayambe kufufuta zakale. Mukachera mphindi 30, imapitirira masiku 50. Tsono WeeWX ikadzuka, siyamba ndi za panopa. Imayang'ana kaye lekodi yomaliza yomwe ili m'nkhokwe yake, n'kuuza konso kuti ipereke zonse zolembedwa kuchokera nthawi imeneyo. Lamulo lake amalitcha DMPAFT. M'mwezi wa February mtengo unagwera mawaya a magetsi kufupi nafe, ofesi inakhala mu mdima masiku awiri ndi theka mvula ikukhuthuka. Konso inali pa batire ya sola ya ku pampu, ndiye sinagone. Magetsi atabwera, ka Pi kanadzuka, kanakoka malekodi oposa 700, ndipo posakhalitsa magirafu anali atadzaza popanda kampata n'kamodzi komwe. Ndinatha kuona ola lomwe mvula inayamba Lachiwiri usiku ndi pomwe inakula kwambiri. Kope langa silikanandiuza zimenezo, ngakhale ndikanagona m'nyumba ya pampu momwemo.

Chenjezo apa: konso ili ndi malo a mabatire atatu a saizi C, koma mukaika loga ya netiwekiyi musadalire mabatirewo. Ndi ongothandiza kwa kanthawi, imafuna magetsi okhazikika.

Mavuto ndinakumana nawo atatu, ndipo awiri anali olakwitsa ine mwini. Loyamba, sindinauze rauta kuti izipatsa loga adilesi imodzimodzi nthawi zonse. Magetsi atathima koyamba, loga inalandira adilesi ina, WeeWX n'kumagogoda pa khomo lopanda munthu. Ndinataya Loweruka lonse ndikukayikira waya, mpaka kufukula kangalande, chonsecho mankhwala ake anali mzere umodzi pa tsamba la rauta. Lachiwiri ndi wotchi. Ka Pi komwe ndili nako kalibe wotchi ya batire, kamadziwa nthawi pofunsa pa intaneti, ndipo kuno intaneti imabwera ikafuna. WeeWX imadalira nthawi pa chilichonse, imafika pokonza wotchi ya konso pa maola anayi aliwonse, ndiye kompyuta ikasokonekera nthawi, zonse zasokonekera. Ndinagula kawotchi ka DS3231, kotchipa kuposa thumba la feteleza kutalitali, n'kukalumikiza.

Lachitatu ndi mmene logayo inapangidwira. Imalankhula ndi mmodzi pa nthawi imodzi, komanso inapangidwa kuti izitumiza yokha manambala ku weatherlink.com, tsamba la pa intaneti la kampani ya Davis, pafupipafupi. Ziwirizi zimalimbirana khomo limodzi. Ine ndinatsegula katsamba ka logayo pa msakatuli n'kuzimitsa zotumizazo, popeza WeeWX payokha imatha kutumiza ku malo a pa intaneti osonkhanitsa za nyengo monga Weather Underground kapena CWOP ngati munthu akufuna kuti dziko lizimuona. Chizimitsireni, kulumikizana sikunadukenso.

Dandaulo langa pa WeeWX yeniyeniyo ndi loti si ya munthu woopa sikirini yakuda. Palibe mabatani odinadina, zonse mumalemba. Mu 2024 inatuluka WeeWX 5, yomwe inasonkhanitsa malamulo ambiri pansi pa dzina limodzi la weectl, ndipo zinapepukirako, komabe mlangizi wa zaulimi yemwe sanaonepo Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa ka Pi, adzafuna wina womugwira dzanja tsiku loyamba. Samalaninso posankha miyezo. Mukasankha metric, mvula imaoneka m'masentimita. Ife tinazolowera mamilimita, choncho sankhani metricwx. Kandowa koyezera mvula ka makina athu kamapendekeka pa mamilimita 0.2 aliwonse, ndipo mvula yowaza ya chiperoni mu June imaoneka bwinobwino ngati timizere tifupitifupi tsiku lonse.

Za kugula, WeatherLinkIP anasiya kuipanga, ndipo m'malo mwake munabwera WeatherLink Live mu 2019. Imeneyo imalankhula mwa njira ina, imafuna kapulogalamu kolumikizira ku WeeWX (dalaivala) kolembedwa ndi anthu ena, ndipo pa netiweki ya m'nyumba sipereka malekodi akale monga imachitira yakaleyi. Kwa munthu wokhala komwe magetsi amathimathima, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Mukaipeza yakale yogwira bwino, itengeni.

Masamba omwe WeeWX imatulutsa amatenga mawu ake m'kafayilo ka chiyankhulo, ndiye masiku ano madzulo ndikumamasulira m'Chichewa kuti akapitawo a m'munda aziwerenga okha pa mafoni awo. Mvula, kutentha, chinyontho, liwiro la mphepo, zonsezi sizinavute. Ndakanirira pa nambala ija yosonyeza kuzizira komwe mame amayamba kugwa. Ndayesa mawu anayi, ndipo akapitawo aseka onse anayi.