Rediyeta ikamadontha: mankhwala a m'botolo, guluu, wowotcherera kapena yatsopano?

Anzanga akhala akundifunsa chomwe ndinachita ndi Corolla yanga ya 1998, ija ya injini ya 5A, itayamba kumwa madzi ngati ng'ombe m'chilimwe. Ndayesa njira zinayi, ndipo imodzi mwa izo sindidzaikhululukira.

Ndiyambe ndi yomwe inandipweteka. Mankhwala otseka mabowo, aja ogulitsidwa m'botolo, ndi otchipa, ndipo wogulitsa amakuuzani kuti ingothirani basi. Ndinathira. Kudontha kunaleka sabata imodzi yokha ndipo ndinasangalala. Chimene sanandiuze n'chakuti rediyeta yakale, imene yakhala ikuthiridwa madzi a pampopi kwa zaka, timipata take timakhala titachepa kale ndi dzimbiri. Mankhwalawo sasankha bowo. Anatseka pamene pankadontha, anatsekanso timipata tina tofunika kuti madzi aziyenda.

Ndinazindikira izi ndikuchokera ku Chikwawa, m'mwezi wa October, ndikukwera phiri lija la pamwamba pa Thabwa, ana ali kumbuyo. Singano ya kutentha inakwera mpaka pofiira, ndisanapeze malo oyima nthunzi inali itatuluka kale m'boneti. Patatha masiku awiri oyilo anaoneka ngati tiyi wamkaka. Gasiketi ya hedi, yomwe imatseka pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi thunthu lake, inali itapsa, ndipo hediyo anakaipala kwa amakina. Ndalama zomwe ndinalipira pamenepo zikanandigulira rediyeta yatsopano n'kutsala. Choncho munthu akandiuza kuti botolo lija n'lotchipa, mtima umandiwawa. Mazira ndi tsabola zomwe ena amathira panjira zili m'gulu lomweli.

Guluu wa epoxy ndi wothandiza pa kabowo kakang'ono pachitsulo, kuti mufike kunyumba. Pa thanki ya pulasitiki yapamwamba, yomwe pa galimoto za ku Japan za zaka zimenezo imakonda kusweka pafupi ndi khosi la paipi, sagwira nthawi yaitali, chifukwa pulasitikiyo imafutukuka ndi kubwerera tsiku lililonse.

Wowotcherera ndimamulemekeza. Ngati rediyeta yanu ndi ya mkuwa, amaitsegula, kuchotsa zinyalala m'timipata, n'kuiwotcherera bwinobwino. Koma ya aluminiyamu yokhala ndi mathanki a pulasitiki, ntchito yake ndi yochepa. Rediyeta yochotsa m'galimoto yakufa ku Ndirande imakhala ndi zaka zofanana ndi yanuyo, ndiye mukugula pulasitiki yotopa kale.

Ine ndinagula yatsopano, pamodzi ndi chotsekera chake cha 0.9 bar (mphamvu yolembedwa pa chotsekeracho) ndi mapaipi awiri akuluakulu, ndipo ndimathira coolant, mankhwala oziziritsa injini, wosakaniza ndi madzi theka ndi theka. Thermostat, yomwe imatsegula njira ya madzi opita ku rediyeta injini ikatentha, ndinaibwezera, ngakhale makaniko woyamba anali ataichotsa ponena kuti kuno n'kotentha sifunika.

Koma musanatulutse ndalama pa chilichonse mwa izi, pezani kaye pomwe pakudontha. Apa ndi pamene ndinalakwa. Makaniko wachiwiri anadikira injini izizire, anachotsa chotsekera, n'kuikapo kapampu kopopera mphepo mpaka mphamvu yolembedwa pa chotsekeracho. Sipanathe mphindi zisanu, madzi anayamba kutuluka pa mng'alu wa thanki, ndipo paipi yam'munsi nayonso inkachucha pa kilampu. Kwa inu mwina ndi pampu ya madzi, yomwe imasiya zoyerayera pansi pa kabowo kake ikayamba kutha, kapena hita, yomwe ikamadontha imanyowetsa kapeti kutsogolo. Pamenepo rediyeta yatsopano singakuthandizeni. Ndipo chonde musatsegule chotsekera injini ili yotentha, madzi ake amatha kupitirira madigiri 100 ndipo amathovoka molunjika kumaso.